Mbatatesi Ikakana, Kumbani Phando Musanaloze Munthu Chala



Pa msonkhano wathu wapitawu, titatha nkhani zimene tinasonkhanira, mayi wina anaimirira nanena kuti mbatatesi imene anabzala kuseri kwa nyumba yake yakana chaka chino, ndi kuti iye akumudziwa bwino munthu amene anaponda m'mundamo usiku. Asanakhale pansi n'komwe, bambo wina anati iyayi, mlandu ndi wa feteleza, pakuti wa masiku ano ndi mchenga wokhawokha. Wachitatu anati ndi mvula. Tinakangana kufikira dzuwa litapendeka, ndipo tinabalalika popanda wina kumva mnzake. Ndili pa njira yobwerera kwathu ndinadzifunsa kuti, kodi mwa ife tonse amene tinalankhula paja, ndani anayamba watenga khasu kukafukula phando limodzi ndi kuona chimene chili pansi? Panalibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale ine amene. Tinagamula mlandu mboni isanaitanidwe, chinthu chimene ngakhale nyakwawa yolongedwa dzulo singachite.

Tsono ndalemba kuti ndinene maganizo anga poyera. Mbatatesi ikamafa imasiya umboni pa tsamba, m'tsinde ndi pansi pa nthaka, ndipo munthu aliyense wokhala ndi maso, mpeni ndi tambula ya madzi angathe kuupeza umboniwo, ngakhale sanapite ku sukulu. Ndiponso ndikuti, tikaufunsa moona mtima, kawirikawiri chala chimabwerera kwa ife eni ake, pa mbewu imene tinasunga kapena imene tinagula pa msewu. Mawu awa ndi owawa, ndikudziwa. Anandiwawa inenso.

Zaka zingapo zapitazo ndinagula ndowa ziwiri za timbatatesi ting'onoting'ono pa msika wa m'mbali mwa msewu, tija amaunjika padera atasankha zazikulu zopita ku tauni. Mtengo wake unali wotsika, ndipo ndinadziyesa wochenjera. Ndinabzala pa malo amene chaka chinacho panali matimati, poganiza kuti manyowa otsala pamenepo andithandiza. Zinamera bwino ndithu, anthu odutsa nayamikira. Koma zitayandikira kuchita maluwa, tsiku lina masana ndinaona phando limodzi litazyolika ngati lamva ludzu, chikhalirecho nthaka inali yonyowa. M'mawa linadzuka. Masana linagwanso, ndipo silinadzukenso. Pomatha milungu iwiri mzere wonse unali utagona, masamba akali obiriwira. Ndinathira madzi, ndinawonjezera feteleza, ndipo, ndisabise, ndinayamba kumuyang'ana ndi diso loipa mnansi wanga amene tinakanganapo za malire.

Amene anandipulumutsa ku manyazi ndi mlangizi wina wa zaulimi amene anadutsa pa njinga. Sanalankhule zambiri. Anazula phando lofotalo, nadula tsinde pafupi ndi nthaka, nalendeweza kachidutswako m'tambula ya galasi ya madzi oyera, nati tidikire osaigwedeza. Patapita mphindi zowerengeka timaulusi toyera ngati mkaka tinayamba kutuluka m'tsindemo, kutsika monga utsi wolowera pansi. Kenaka anadula mbatatesi imodzi pakati. M'kati munali mkombero wofiirira, ndipo atafinya pang'ono panatuluka timadontho tonga mafinya. Anandionetsanso ina imene dothi linamatira m'maso mwake chifukwa cha mafinya omwewo. Anati, "Bambo, mfiti yanu ndi iyi. Kapena munabwera nayo nokha m'ndowa, kapena inakudikirani pa malo a matimati aja."

Nthenda yofotetsa imeneyi ndiyo ndimaiopa koposa zonse, chifukwa ilibe mankhwala. Musataye ndalama zanu kwa munthu wa botolo amene akuti ali nawo. Imadza ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timalowera ku mizu ndi kuswana m'timitsempha toyenda madzi m'tsinde kufikira titatseka njira yonse. Ndicho chifukwa chake mbewu imafa ndi ludzu ili m'nthaka yonyowa. Tizilomboti timatsala m'nthaka zaka, timayenda pa khasu ndi ku mapazi, timatsika ndi madzi othamanga kuchoka m'munda wa kumtunda kulowa wa kumunsi, ndipo m'madimba timayenda ndi ngalande yothirira kuchoka kwa mnzako kudza kwa iwe. Choipa china n'chakuti ku malo ozizira kwambiri nthendayi imatha kubisala m'mbatatesi osaonetsa chizindikiro chilichonse. Mwini wake amagulitsa ndi mtima woyera, wogula nakabzala ku malo ofunda, ndipo kumeneko ndiko imavumbuluka. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mukaipeza, zulani phando lonse pamodzi ndi mbatatesi zake ndi dothi lake, muike m'thumba kuti zisamwazike ponyamula, mukatenthe kapena kukwirira m'dzenje lakuya kutali ndi munda ndi madzi. Musaponye m'khola kapena pa mulu wa manyowa. Khasu limene lagwira ntchitoyo liwambeni pa moto. Ndipo pa malo amenewo musabzalenso mbatatesi kwa zaka zinayi kapena kuposa. Muikepo chimanga, mapira kapena mawere. Koma kusinthaku n'kwachabe ngati m'malo mwa mbatatesi muikapo matimati, fodya, tsabola kapena mabiringanya, pakuti zonsezi ndi za banja limodzi ndi mbatatesi, ndipo nthenda yake ndi imodzi. Mnadzi umene timathyola ndiwo ndi wa banja lomwelo. Ngakhale mbatatesi zija zimamera zokha chaka chotsatira, zimene ana amakondwa nazo ngati mphatso, ndizo zimasunga nthenda m'munda pamene inu muyesa kuti munda ukupuma. Zizulidwe.

Komabe si minda yonse yokana imene imafota. Yambiri imangobwerera m'mbuyo chaka ndi chaka, pang'onopang'ono, mwakuti mwini wake sadziwa tsiku limene zinayamba. Mumamva munthu akuti mbewu yanga yatopa, kapena nthaka yaguga. Pitani mukaone m'munda wotere. Mitengo yake ndi yopinimbira, masamba opindikira m'mwamba ngati supuni ndi olimba pokhudza, ena a mawangamawanga achikasu ndi okwinyika. Mukafukula mupeza tiana tonga mazira a nkhunda, wamkulu osaoneka. Iyi ndi nthenda ya mtundu wina, ya mavairasi, imene nsabwe za m'masamba zimatenga pa mbewu yodwala ndi kukaipatsa yamoyo poyamwa madzi ake. Siipha msanga ayi, imangochepetsa zokolola.

Apa ndipo ndifuna kuti timvane bwino, pakuti ndi pamene pagona nkhani yonse. Mbatatesi sitibzala njere monga chimanga. Timabzala thupi lenileni la make. Chimene make anadwala, mwana amabadwa nacho. Tsono taonani chimene timachita pokolola. Timakumba munda wonse ndi kuunjika pamodzi. Zazikulu timapita nazo pa msewu, ku Lizulu, ku Bembeke kapena pa mphambano ya Tsangano, zapakati timadya, ndipo tating'ono totsala pansi pa mulu ndito timati mbewu. Koma kodi tating'onoto tachokera kuti? Tambiri mwa ito ndi ana a mitengo yodwala ija, pakuti mtengo wodwala ndiwo ubala tating'ono tokhatokha. Kotero chaka chilichonse timasankha ndi manja athu odwala kuti akhale makolo a munda wa mawa, ndipo zikapita zaka zitatu kapena zinayi timadabwa kuti munda womwewo, khasu lomwelo, feteleza yemweyo, koma matumba achepa. Amayi athu sanali kuchita chomwecho ndi chimanga. Ankasankha chachikulu ndi chodzala bwino mizere, nachipachika pa utsi m'nyumba, ndipo ngakhale njala ilume chotani sankachikhudza. Ndani mwa ife amagulitsa mbuzi zonse zonenepa nasiya ya mphere kuti ikhale tonde wa khola?

Pali milandu ina yopepuka imene khasu lingaweruze tsiku lomwelo. Ngati mbatatesi sinamere konse, fukulani. Mukaipeza ili gwa monga munaiikira, dziwani kuti munabzala ili m'tulo, pakuti mbatatesi yongokumbidwa kumene imagona miyezi iwiri kapena itatu isanatulutse mphukira, ndipo ija yakudya ya pa msika kawirikawiri ndi ya dzulodzulo. Mukaipeza itaola ndi kununkha, dzifunseni ngati pamalopo sipaima madzi, kapena ngati simunaidule ndi mpeni ndi kuikwirira bala likali laliwisi. Mukapeza phando lopanda kanthu ndi una wopita pansi, mlandu ndi wa mfuko, ndipo imeneyo ndi nkhani ya anyamata ndi misampha yawo.

Nanga ngati mitengo inakula mpaka m'chiuno, yobiriwira kusiririka, koma pansi palibe kanthu? Pamenepo bambo uja wa feteleza ali ndi mbali yake, ngakhale si monga iye ananenera. Feteleza sanathe mphamvu. Kawirikawiri tathira wolakwika. Urea, amene pa chimanga timamutcha wobereketsa, pa mbatatesi akachuluka amabereketsa masamba, ndipo mtengo umaiwala kuti ntchito yake ili pansi. Mbatatesi imafuna feteleza wokhala ndi potashi wokwanira, monga D Compound, pa nthawi yobzala, kapena manyowa oola bwino. Wowonjezera pambuyo pake akhale wochepa. Kadimba ka kuseri kwa nyumba kali ndi vuto lina: mthunzi wa mango, wa nthochi ndi wa nyumba yomwe. Mbatatesi ya pa mthunzi imatalika kufuna dzuwa, osaika kanthu. Ndiponso ana ake amabadwira pa timphukira ta pansi pa nthaka, pamwamba pa mbewu imene munakwirira. Mukapanda kubandira, timphukirato timatulukira kunja ndi kusanduka masamba, ndipo ana amene ayamba kale amapsa ndi dzuwa nabiriwira. Yobiriwirayo musapatse ana kudya. Ili ndi ululu.

Za kutentha ndinene mwachidule, chifukwa ife a kumapiri sizitivuta kwenikweni, koma abale athu amene anasamukira ku chigwa amatifunsa. Kwawo kwa mbewu iyi ndi ku mapiri aatali a Andes, ku Peru ndi Bolivia, kumene anthu anayamba kuilima zaka zikwi zapitazo. Imaika bwino nthaka ikakhala yozizira, pa madigiri 15 kufikira 20, ndipo kutentha kukafika cha m'ma 30 kuika kumaima, makamaka usiku ukakhala wofunda. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere. Nsanje safika ndi pa 100 pomwe. Munthu wotenga mbewu kuno kukabzala ku Nsanje, ku Chikwawa kapena ku Salima m'dzinja sanalodzedwe akakolola masamba. Kumeneko mbatata ya kholowa ndiyo mwini nthaka.

Mnzathu wa mvula uja nayenso sananame kotheratu. Mvula yamawawa ya masiku angapo pamodzi ndi nkhungu ndi kuzizira ndiyo imaitana chiwawu. Chizindikiro chake sichisokonezeka ndi kufota kuja: masamba amachita mabala akuda onga opsa ndi madzi otentha, kuyambira kunsonga ndi m'mphepete, ndipo mukatembenuza tsamba m'mamawa mupeza chuku choyera m'mbali mwa balalo. M'masiku ochepa munda wonse umada ndi kununkha. Nthenda iyi ndiyo inagwetsa dziko la Ireland kuyambira chaka cha 1845, pamene anthu osauka kumeneko ankadalira mbatatesi monga ife tidalira chimanga, ndipo ambiri ankabzala mtundu umodzi wokha. Anthu pafupifupi 1,000,000 anafa ndi njala ndi matenda, ndipo enanso ochuluka chomwecho anathawa m'dzikomo. Chiwawu chili ndi mankhwala, koma ambiri a ife timawagwiritsa ntchito mobwerera. Dithane ndi chishango, amateteza tsamba limene lisanadwale. Sadzutsa limene lapsa kale. Wopopera ataona munda utada wangosambitsa maliro. Nyengo ya mawawa ikayamba, poperani mlungu ndi mlungu, pansi pa masamba pomwe, ndipo mvula yaikulu ikatsuka bwerezani. Kubandira bwino kumathandizanso kuti nthendayo isatsike ndi madzi kukaoletsa za pansi.

Tsopano wina adzati, "Zonsezi tamva, koma mbewu yabwinoyo ili kuti, ndipo ndalama yake tiitenga kuti? Timagulitsa zazikulu chifukwa ana afuna sopo ndi makope." Funso limeneli ndi loona ndipo sindilipeputsa. M'chaka cha 2011 a zofufuza za ulimi m'dziko muno, mogwirizana ndi bungwe la International Potato Center limene likulu lake lili ku Lima ku Peru, anatulutsa mitundu yatsopano ya mbatatesi, ina mwa iyo Chuma, Thandizo ndi Zikomo. Koma kumva dzina la mbewu si kukhala nayo m'manja, ndipo ambiri a ife sitinaione mbewu yoyesedwa ndi akatswiri ikugulitsidwa pafupi ndi mudzi wathu. Nthambi yathu ili ndi pakamwa. Ifunse kwa alangizi ndi ku ofesi ya zaulimi kuti mbewu yotere ipezeka liti ndi pa mtengo wanji, ndipo isatope kufunsa. Ngati ipezeka, ndi bwino mabanja khumi asonkhe kugula thumba limodzi ndi kulichulukitsa pa malo amene sipanakhalepo mbatatesi, matimati kapena fodya, kusiyana ndi kuti aliyense agule ndowa yake ya pa msewu.

Koma pamene tikudikira, pali njira imene siifuna ndi tambala yomwe. Ifuna timitengo ndi maso basi. Mbatatesi ikatsala pang'ono kuchita maluwa, mitengo isanakumane, yendani m'mizere m'mawa ndi mtolo wa timitengo. Paliponse pamene pali phando lamphamvu, la matsinde onenepa, la masamba osalala opanda mawanga ndi osapindika, zikanipo kamtengo. Phando loyandikana ndi lofota lidumpheni, ngakhale likongole chotani. Patapita milungu iwiri bwererani, ndipo limene layamba kuonetsa nthenda lichotseni kamtengo kake. Pokolola yambani ndi a timitengo aja, phando lililonse palokha. Limene labala pang'ono, kapena muli imodzi yoola kapena ya mafinya m'maso, lipite ku mphika kapena ku dzenje lonse lathunthu. Mwa otsalawo sankhani zonga dzira la nkhuku. Imeneyo ndiyo mbewu. Onani kuti sindikunena kuti mubzale zikuluzikulu zogulitsa. Yaing'ono yochokera kwa make wamoyo ndi mbewu yabwino. Yaing'ono yotola pansi pa mulu, yosadziwika make, ndiyo yotipha. Zazikulu za munda wonse mudzagulitsabe monga kale, ndipo sopo adzagulidwa.

Mbewuyo musaitsekere m'thumba kuseri kwa chitseko. Mu mdima imatulutsa mphukira zazitali zoyera zimene zimathyoka ponyamula, ndipo mphamvu yake imathera momwemo. Iyaleni pa thandala pamalo podutsa mphepo, powala koma posafika dzuwa lenileni, osaunjika. Idzabiriwira ndi kutulutsa mphukira zazifupi zonenepa zingapo pa mbatatesi imodzi, ndipo pamenepo yadzuka, bzalani: masentimita 30 phando ndi phando, kuya kwake ngati chikhato, mphukira zitayang'ana kumwamba.

Ndikudziwa kuti ena mwa akuluakulu athu akamva munthu akunena za mizere ndi masentimita amakumbuka zimene makolo awo anasimba za malimidwe a m'zaka za m'ma 1950, pamene boma la atsamunda linkalipitsa ndi kumanga anthu chifukwa cha mizere ndi migula, ndipo mtima umawawa. Ali ndi chifukwa. Koma pano palibe kapitawo, palibe chindapusa. Sindikupempha munthu kuti akhulupirire ine kapena mlangizi. Ndikupempha kuti chaka chino mubzale mizere iwiri ya mbewu ya timitengo pambali pa mizere iwiri ya mbewu ya pansi pa mulu, tsiku limodzi, feteleza mmodzi, ndipo pokolola muyese ndi ndowa imodzimodzi pamaso pa anzanu. Ngati palibe kusiyana, mudzaimirire pa msonkhano ndi kunditsutsa, ndipo ine ndidzalemba m'tsamba lomwe lino kuti ndinalakwa.

Chimene sindingavomere ndi chija tinachita pa msonkhano, kulola mayi wa m'nthambi yathu kupita kwawo ali ndi dzina la mnansi wake pa mtima, ife osamuthandiza kuona chimene chadya mbewu yake. Chidani cha pa malire chimayamba ndi zinthu zazing'ono zotere, ndipo chikakula chimafika kwa mfumu, mbumba ziwiri osalonjerana pa chitsime. Ine ndinatsala pang'ono kuchita chomwecho kwa munthu wosalakwa, chifukwa cha ndowa ziwiri zimene ndinanyamula ndekha pa njinga.

Ndalankhula nawo mayiwo, ndipo avomera kuti tikaone mundawo Loweruka likudzali m'mawa, mame asanaume, pakuti chuku cha chiwawu chimaoneka bwino nthawi imeneyo. Ine ndidzabwera ndi tambula ndi mpeni. Aliyense amene mbatatesi yake yakana abwere ndi phando limodzi lozula ndi mizu yake, lomangidwa bwino m'thumba kuti dothi lisatayike pa njira, ndipo asalowe nalo m'munda wa mayiwo. Tidzaonera pa bwalo. Makasu musatenge, tidzagwiritsa ntchito la pakhomopo.